Mfuti ya m'denga

Padangokhala mnyamata wina ku Makululu, komboni yaikulu ya m'tauni ya Kabwe. Bambo ake ankagwira ntchito kumgodi wa mtovu, ndipo utatsekedwa mu 1994 njala idamanga nthenje pakhomo pawo. Atakula, mnyamatayo adayamba kugulitsa chamba mobisa.

Tsiku lina m'bandakucha kudafika akuluakulu a DEC, olimbana ndi mankhwala ozunguza bongo. Pansi pa mphasa yake adapeza mipukutu ya chamba. M'denga la nyumba yawo ya lendi, momwe munkakhala mabanja atatu, adatulutsamo mfuti yopanda chiphaso. Majisitireti adamupeza wolakwa pa milandu yonse iwiri, ndipo adakalowa kundende ya Mukobeko.

Amayi ake sadakhale pansi n'kumalira. Adamva kuti apilo imafunika kulowa pasanathe masiku 14, choncho adasiya thumba lawo la makala pamsika n'kuthamangira ku Legal Aid Board.

Malume ake nawo adapita kundende ndi nzeru zawo. "Mphwanga, ukane zonse. Unene kuti chambacho adachita kukuikira."

Loya wa ku Legal Aid Board atafika adamuyang'ana mnyamatayo m'maso. "Achimwene, apilo si mlandu watsopano ayi. Woweruza wa Khoti Lalikulu amawerenga zomwe zidalembedwa kale, n'kuona pomwe khoti laling'ono lidaphonya. Ndiuzeni zoona."

Mnyamatayo adakhala chete nthawi yaitali. Mawu a malume ankamukoka, koma adakumbukira mapazi a amayi ake, otuwa ndi fumbi la ulendo wa ku Mukobeko.

"Chamba n'changa, bwana. Mfutiyo sindidaikhudzepo."

Loya adaika mphamvu zake zonse pa mfutiyo. M'zolembedwa za mlanduwo mudalibe mboni ngakhale imodzi yomwe idamuona nayo, ndipo dengalo lidali la aliyense wa m'nyumbamo. Khoti Lalikulu la ku Kabwe lidafafaniza mlandu wa mfuti. Chilango cha chamba lidachisiya momwemo.

Malume adakwiya. "Ukadandimvera, bwenzi lero uli panja!"

"Malume, ndikadanama pa chamba, loya uja akadandikhulupirira bwanji pa mfuti? Zaka zatsalazi n'zanga ndithu, ndidazigula ndekha. Za mwini mfutiyo ndazitula."

Amayi ake adamupatsira kambale ka nsima, n'kumufunsa tsiku loti adzabwerenso.