Cikole Ndi ca Yani?

Ambiri a ife tili ndi mwana kapena mbale amene anapita ku Tete kapena ku migodi ya malasha ya ku Moatize kukafuna nchito. Kumeneko amagona m'nyumba ya lendi. M'caka ca 1976 boma linatenga nyumba za lendi kukhala zake, koma m'zaka za m'ma 1990 linayamba kuzigulitsa kwa okhalamo. Lero anthu wamba akucititsanso lendi nyumba zawo.

Mlendi asanalowe, eni nyumba ambiri amafuna ndalama ya cikole. Tsiku losamuka likafika, mkangano umabuka. Mwini nyumba akuti, "Khoma lada, cikole catha." Mlendi akuti, "Ndinalipira mwezi uliwonse, bwezani ndalama yanga." Kodi wolondola ndani?

Tiyeni tiganize za mbuzi. Mnzathu akatisungitsa mbuzi, imagona m'khola lathu, imadya msipu wathu, koma siikhala yathu. Tikaipha pa tsiku la njala, taba. Cikole cili cimodzimodzi. Cili m'manja mwa mwini nyumba, koma mwini wake ndi mlendi. Wosunga akacidya, wadya thukuta la mnzake.

Nanga khoma lakuda lija? Tiganizenso za khasu. Tikabwereka khasu n'kulima nalo dzinja lonse, limaperepeseka. Palibe amene amatilipiritsa, cifukwa khasu limatha ndi kulima. Koma tikathyola mpini posasamala, timasema wina tisanabweze. Nyumba nayonso imakalamba. Dzuwa limafwifwitsa utoto, mvula imacititsa dzimbiri malata. Zimenezi lendi ya mwezi ndi mwezi inalipira kale. Koma citseko cothyoledwa ndi kuledzera, kapena galasi loswedwa ndi ana athu, ndi mlandu wathu. Pamenepo mwini nyumba acotse mtengo wa cinthuco, cotsalaco abweze.

Tsono cilungamo cili mbali ziwiri. Sitingadandaule za mwini nyumba wakuba pamene ife tathawa usiku, kusiya ngongole ya madzi. Wobwera pambuyo pathu adzauzidwa cikole cacikulu cifukwa ca ife.

Koma pali vuto lina. Pakapita zaka zitatu, ndani akumbukira kuti zenera linali losweka kale? Mawu apakamwa amauluka, ndipo pa mkangano wotere kawirikawiri amapambana ndi amene wagwira ndalama. Apa ndi pamene pensulo yathu ili ndi nchito. Tsiku lolowa, tiyende m'nyumba monse pamodzi ndi mwini wake. Tilembe tsiku, ndalama imene tapereka, ndi ciliconse cimene tapeza cowonongeka. Tonse awiri tisaine pamaso pa mboni, aliyense asunge pepala lake. Mkangano ukabuka, tipite nalo kwa mlembi wa bairro.

Ena amati kupempha pepala ndi kunyoza mnzako. Ife tikuti ayi. Pepala limateteza onse awiri, ndipo munthu woona mtima saliopa. Kale tinkadinda cala pa mawu amene sitinkawadziwa. Tsopano tikuphunzira kuwerenga tisanasaine.

Tikambirane:
1. Kodi kukalamba kwa nyumba kumasiyana bwanji ndi kuwononga?
2. Mwini nyumba akadya cikole cifukwa ca matenda pakhomo pake, ticite naye bwanji?
3. Tilembe m'makope athu pepala la cikole ca nyumba ya zipinda ziwiri.