Kodi Kutenga Chithunzi pa Intaneti ndi Kuba?

Masiku ano, pa maphunziro a achinyamata ngakhalenso pa malipoti a zachuma m'parishi, ambiri amakonza masilaidi oonetsa pa pulojekita. Akafuna chithunzi, amangofufuza pa Google n'kukopera. Kwa mwiniwake palibe chasowa, chithunzi chake chikadali pomwepo. Nanga tchimo lili pati?

Lamulo lachisanu ndi chiwiri silikamba za nkhuku ndi ndalama zokha. Wojambula anagula kamera, anakhetsa thukuta, ndipo amadyetsa banja lake pogulitsa chilolezo chogwiritsira ntchito chithunzicho. Chimene chimabedwa ndi malipiro ake, ndipo Yakobo Woyera (5:4) amachenjeza kuti dandaulo la wantchito womanidwa malipiro limafika kwa Mulungu. Munthu wofufuta chidindo cha Shutterstock kapena Getty Images pa chithunzi amadziwa bwino lomwe kuti n'chamalonda.

Njira yachilungamo ilipo. Pa Pexels, Pixabay ndi Unsplash pali zithunzi zololedwa kwaulere. Zambiri za pa Wikimedia Commons zimafuna kuti dzina la wojambula ndi mtundu wa chilolezo zilembedwe.

Kunena kuti "ndi ntchito ya Mulungu" sikusandutsa katundu wa eni kukhala wa Mpingo. Mkhristu asanayatse pulojekita adzifunse: chithunzichi n'chayani, ndipo wandilola?