Chibale ndi fupa, sichiola

Akuluakulu ponena mwambiwu ankatanthauza kuti abale angakangane, angatalikirane, koma ubale wawo sutha. Ku Korea mawuwa ali pa mayeso aakulu.

Dzikolo linagawidwa pawiri mu 1945, kumpoto asilikali a Soviet Union, kummwera a America. Nkhondo ya 1950 mpaka 1953 inatha ndi pangano longosiya kuomberana, losainidwa ku Panmunjom. La mtendere kulibe mpaka lero. Ambiri amene anathawira kummwera poganiza kuti abwerera msanga, anakalamba osawaonanso amayi awo.

Maboma awiriwa, la North Korea ndi la South Korea, analolapo mabanja ochepa kukumana, koyamba mu 1985, komaliza mu Ogasiti 2018 kuphiri la Kumgang. Kummwera ankasankha pochita mayere pa kompyuta. Taganizani, gogo wa zaka 90 kudikira mayere kuti akaone mwana wake masiku atatu okha! Zimenezi zimandiwawa mumtima. Mwa anthu oposa 130,000 amene analembetsa, oposa theka anamwalira.

Mu Januwale 2024 mtsogoleri wa North Korea, Kim Jong Un, anatcha South Korea mdani wamkulu, ndipo chipilala cha umodzi ku Pyongyang, likulu la dziko lake, chinagwetsedwa. Achinyamata ambiri a ku Seoul, likulu la South Korea, nawonso akuopa ndalama zimene kugwirizananso kungadye. Za zida zankhondo atsogoleriwo azikambirana pang'onopang'ono, koma nkhalamba zotsalazi azilole kulemberana makalata zisanathe.