Napolo, Chauta ndi mtolo wa nkhuni

Mudzi wa Ntauchira, m'dera la Mfumu Yaikulu Likoswe ku Chiradzulu, sunkadziwika ndi anthu ambiri kufikira mwezi wa Malichi 2023. Mvula ya namondwe wa Freddy itakhuthuka masiku angapo usana ndi usiku, phiri lidang'ambika. Matope, miyala yonga nyumba ndi mitengo yozuka ndi mizu yomwe zidatsetsereka n'kukwirira makomo, minda ndi anthu. Pa 13 Malichi, Pulezidenti Lazarus Chakwera adalengeza kuti maboma a kummwera agweredwa tsoka, ndipo Chiradzulu idali pamndandandawo. Dziko lonse lidataya anthu oposa 1,000, powerengera ndi amene matupi awo sadapezeke.

Masiku otsatirawo ntchito idagwera amene imawagwera nthawi zonse. Amayi a m'mipingo ndi m'mizikiti adamanga nsalu m'chiuno, kuphika phala m'misasa ya pasukulu ndi patchalitchi, kusonkha zovala, kugona m'siwa ndi anamfedwa, kuyimba mpaka tambala woyamba. Ndipo pamafuwa pomwepo, nyemba zikuwira, ndi pamene funso lija limafunsidwa motsitsa mawu: kodi wachita zimenezi ndani?

Agogo ena amati ndi Napolo, chinjoka cha m'phiri chimene chikamasamuka chimasiya chigwembe. Ndi mmene anthu adafotokozera za ku Zomba mu 1946 ndi za ku Phalombe mu 1991. Alaliki ambiri amati ndi chifuniro cha Mulungu, ena n'kuwonjeza kuti ndi zizindikiro za masiku otsiriza. Mlangizi wa zankhalango amangoloza phiri lometedwa mpala n'kuti tadzipha tokha. Mayi wa Mvano kapena wa Dorika amamva mayankho atatu onsewa m'sabata imodzi, ndipo mwa onse, la alaliki ndilo limalemera chifukwa limachokera kuguwa. Pamanda yankho limeneli limatonthoza, palibe angakane. Vuto limabwera likatsagana ndi munthu mpaka kumunda, chifukwa amene wakhulupirira kuti zonse zidalembedwa kale saona chifukwa chokumbira akalozera kapena kudzala vetiva m'mbali mwa phiri.

Chodabwitsa n'chakuti m'boma lomweli, nkhani ya mvula ndi nthaka idali m'manja mwa amayi amishoni asadakhazikike. Amishoni a UMCA atafika ku Magomero mu 1861 motsogozedwa ndi Bishopu Charles Mackenzie, mmodzi mwa iwo, Henry Rowley, adaonerera mwambo wopempha mvula kwa Mpambe pamudzi wa mfumu Chigunda. Adalemba kuti wotsogolera nsembe ya ufa ndi mowa adali mkazi, mlongo wake wa mfumuyo, khamu lonse likuwomba m'manja movomereza. Sizidali za ku Magomero kokha. Ku Msinja, m'boma la Lilongwe, udindo wa mvula udali wa Makewana. Ku Khulubvi, m'boma la Nsanje, kachisi wa Mbona ankasungidwa ndi Salima, mkazi wa mzimuwo, ndipo nkhalango yozinga kachisiyo yakhalapo mibadwo chifukwa nkhwangwa siiloledwamo. Katswiri wa zaumulungu wa kuno kwathu, Isabel Apawo Phiri, adalemba za chipembedzo cha Chisumphi n'kuonetsa kuti amayi osunga akachisi ndiwo ankasunganso madziwe, mitengo ndi nyama za pamalopo.

Mipingo itabwera idapatsa amayi zambiri, koma udindo umenewu idawalanda mwakachetechete. Ku Mbombwe, kumene John Chilembwe adakhazikitsa Providence Industrial Mission (PIM) mu 1900, mkazi wake Ida pamodzi ndi Emma Delaney, mmishoni wakuda wa ku America, ankaphunzitsa amayi kusoka, kuwerenga ndi kusamala pakhomo. Chilembwe mwini ankaona chikhulupiriro ndi nthaka ngati nkhani imodzi: thangata wa m'minda ya A. L. Bruce ku Magomero ndi chimodzi mwa zimene zidayatsa moto wa kuukira kwake kwa Januwale 1915. Koma wolankhula za nthaka tsopano adali mbusa, mayi ali pamakina osokera. Ku Nguludi nako, kumene Bishopu Louis Auneau adayambitsa chipani cha asisiteri achimalawi cha Servants of the Blessed Virgin Mary, chomwe likulu lake lili ku Maryview, ntchito yaikulu ya asisiteri idakhala ya m'kalasi ndi m'chipatala. Ndi ntchito yopatulika, ndipo boma lonse la Chiradzulu lapindula nayo. Kungoti mvula, mtsinje ndi phiri zidasiyidwa kunja kwa mpanda wa tchalitchi ngati zinthu zachikunja.

Lero nthakayo yapanikizika. Kalembera wa 2018 adapeza anthu 356,875 m'boma lamasikweya kilomita 767 okha, kutanthauza kuti Chiradzulu ndi limodzi mwa maboma othithikana kwambiri m'Malawi. Minda yakwera mpaka m'mapiri. Limbe ndi Blantyre zili pakhomo, ndipo mizindayi imadya makala tsiku ndi tsiku. Amene wayendapo mumsewu wa Zomba m'mamawa, kudzera pa Mbulumbuzi ndi pa Njuli, adakumana nazo njinga zosenza matumba. Komanso kuno n'kwa chikamwini. Pakati pa Alhomwe, Ayao ndi Amang'anja, munda umayenda kuchokera kwa mayi kupita kwa mwana wamkazi. Mwamuna amabwera kudzakwatira, ndipo ukwati ukatha amanyamula kachikwama kake. Ichi n'chifukwa chake mkamwini ena amachita ulesi kudzala mtengo pamalo poti si pake. Mwini weniweni wa nthaka ya Chiradzulu, amene adzakhalepo mpaka mtengowo utakula, ndi mayi yemwe uja wavala yunifolomu yoyera ya Mvano Lachinayi.

Ndipo mayi ameneyu sali yekha. Palibe bungwe la boma kapena la chithandizo limene lili ndi dongosolo lofika pamudzi ngati magulu a amayi achipembedzo. A Mvano a sinodi ya Blantyre, Amayi a Chikatolika ndi a Legio ya Maria m'miphakati yawo, a Dorika a mpingo wa Seventh Day, amayi a PIM, amayi achisilamu m'magulu awo a dawa: onsewa ali ndi wapampando, mlembi, msungichuma ndi tsiku lokumana. Amadziwa nyumba imene muli wodwala ndi imene mwagona njala. Pulojekiti imatha pakapita zaka zitatu, galimoto n'kubwerera ku Lilongwe, koma Mvano sitha.

Malemba nawo sawatsekereza. Buku la Genesis lili ndi nkhani ziwiri za chilengedwe. Yoyamba imapatsa munthu ulamuliro pa zolengedwa, ndipo ndi imene imalalikidwa kawirikawiri, mwina chifukwa imakoma m'kamwa mwa olamula. Yachiwiri imaika munthu m'munda ndi ntchito yolima ndi kusunga. Mayi wa ku Namitambo amene amasakaniza chimanga, nandolo ndi maungu pamzere umodzi, n'kusiya mapesi kuti awolere m'munda, sasowa womasulira nkhani yachiwiriyi. Papa Francis adatsindika zomwezi mu 2015 m'kalata yake ya Laudato Si', imene idalumikiza kuonongeka kwa chilengedwe ndi kuvutika kwa osauka, ndipo adabwerezanso mu Okutobala 2023, patangopita miyezi isanu ndi iwiri Freddy atadutsa, m'kalata ya Laudate Deum. Asilamu amaphunzitsa kuti munthu ndi khalifa, msungi woikiziridwa dziko, komanso kuti mtengo umene munthu wadzala, mbalame kapena mlendo n'kudyako, umawerengedwa ngati sadaka. Mwa njira imeneyi funso la pamafuwa lija limatembenuka. Mvula ndi ya Mulungu, inde, koma phiri adalisungitsa kwa anthu, ndipo wosungitsa amafunsa.

Apa mpingo uyenera kudziyang'ana pagalasi. Matchalitchi ndi mizikiti yambiri ya m'midzi idamangidwa ndi njerwa zootcha, ndipo uvuni umodzi umameza mitengo ikuluikulu ingapo, nthawi zambiri ya mango kapena ya m'mphepete mwa mtsinje. Otunga madzi oumbira njerwazo ndi amayi omwewo. Pamaliro, pasadaka, pamsonkhano wa chitsitsimutso, miphika ikuluikulu imakhala pamafuwa atatu kuyambira m'mawa mpaka usiku. Mbaula ya chitetezo, youmbidwa ndi dongo, imene boma lidailimbikitsa pofuna kuti mbaula zosunga nkhuni zifike 2 miliyoni pofika 2020, imachepetsa nkhuni ndi utsi, ndipo oumba ambiri ndi magulu a amayi. Gulu lililonse la mpingo limatha kusonkha ndalama za yunifolomu ndi za mphatso ya abusa pa tsiku la paper Sunday. Nanga za mbaula ya pamaliro, kapena za kamunda ka mitengo ya nkhuni kuseri kwa tchalitchi, zingalephereke bwanji?

Komabe kungakhale kupanda chilungamo, ndiponso tchimo, kuunjika mlandu wonse pamutu pa mayi wosenza mtolo wa nkhuni. Iye amatola nthambi zouma kuti ana adye. Thunthu limagwetsedwa ndi ootcha makala ndi ocheka matabwa, ndipo ogula ali m'tauni momwe magetsi ndi odula komanso ozimazima. Freddy yemweyo sadabadwire ku Chiradzulu. Adayambira kufupi ndi Australia, n'kuwoloka nyanja yonse ya Indian, n'kukhala moyo masiku 36, nthawi yaitali kuposa namondwe wina aliyense amene adalembedwapo. Nyanja zikutentha chifukwa cha utsi wa mafakitale ndi magalimoto a maiko olemera, pamene gawo la Malawi pa utsi umenewo n'lochepa zedi. Mpake kuti pamsonkhano wa COP27 ku Sharm el-Sheikh mu 2022 maiko adagwirizana zokhazikitsa thumba lolipirira zoonongeka. Mlaliki amene amadzudzula amayi za nkhuni osatchulako zimenezi akulalikira theka la choonadi.

Chimene amayi achipembedzo akusowa kwenikweni ndi mpando pamene pakugamulidwa zinthu. Amadzaza mabenchi Lamulungu, koma pokambirana zomanga, zogulitsa mitengo ya pamalo a mishoni kapena zobwereketsa munda wa mpingo, mawu omaliza amakhala a abambo. Chimodzimodzi m'makomiti a m'mudzi oyang'anira zachilengedwe: mayi amasankhidwa kukhala msungichuma chifukwa ndi wokhulupirika, wapampando n'kukhala wina. Mlongo wake wa Chigunda uja sankadikira kuti amuitane kudzaphika nsembe itatha.

Nyengo sikudikiranso. Idai mu 2019, Ana ndi Gombe mu 2022, Freddy mu 2023, kenako chilala cha El Niño chimene chidachititsa boma kulengeza tsoka m'maboma 23 mwa 28 mu Malichi 2024. Chaka chilichonse, kuyambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, dziko limakhala m'nyengo yodzala mitengo. Akuluakulu amabwera ndi makasu atsopano, kwaya imayimba, zithunzi zimajambulidwa. Mbande zambiri sizifika chaka: mbuzi zimabudula, moto wa osaka mbewa umatentha, chiswe chimamaliza zotsala. Mtengo umapulumuka kapena kufa mu Seputembala ndi Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, pamene pamjigo pali mzere wa zidebe wotalika kuposa nthawi ina iliyonse. Amene angaganize zothira chidebe chimodzi pambande ya m'bawa m'mwezi umenewo ndi mayi amene wadzuka 4 koloko kukaima pamzerewo, ndipo kunyumba kukumudikira ana, mbale ndi wodwala.