Kodi Mpikisano Ungakhale Wopanda Njiru?

Abale, ku Mangalande kuli malo ochedwa Bisley, kumene anthu akhala akupikisana kuombera mfuti kuyambira caka ca 1890. Saombera nyama kapena munthu ai, koma candamale, cimene nthawi zina ciima kutali mayadi 1,000. Agona cafufumimba awiri kapena atatu, naombera candamale cimodzi mosinthana. Ndipo yense alemba ciwerengo ca mnzace, si ca iye mwini. Taonani, munthu aikiza ulemu wace m'manja mwa iye amene afuna kumposa!

Kodi wolembayo sangacepetse ciwerengoco? Angayese, koma adzapindulanji? Cipolopolo cace sicidzasendera pakati cifukwa ca bodzalo. Zomphonyetsa woombera ndizo mphepo, kupuma kosakhazikika, ndi cala cofulumira. Mnzace alibe mlandu. Podziwa ici, iwo anyamula pampando wopambana Mphotho ya Mfumu, nakondwera naye.

Ifenso, popikisana m'munda kapena m'sukulu, tidzifunse: kodi ndingathe kunena zoona za mnzanga wondiposa? Pakuti njiru ilowa mumtima pamene maso acoka pa candamale nayamba kupenya mnzathu.