Kugombe Alendo Atachoka

Kwathu ku Kasakula, mvula ikatsuka fumbi mumlengalenga, munthu akaima pamtunda amaona nyanja ikunyezimira chakuvuma. Ambiri a ife timaidziŵira patali chomwecho, ndipo amene ali ndi mwayi wotsikirako amasankha masiku amene aliyense akupita: Tsiku la Anakubala pa 15 Okutobala, Khirisimasi kapena Pasaka, pamene pamchenga wa ku Senga Bay pamasoŵa poponda.

Ine ndinatsikirako mu Febuluwale, ndi kuyenda wapansi kutsata gombe mpaka m'tsinde mwa mapiri a Senga. Madzi anali ofiirira ndi matope a mitsinje yochokera kumapiri, mipando ya m'mahotela ataiunjika pakhonde, ndipo chilumba cha Namalenje chinali zii m'nkhungu. Mtima wanga unati myaa, ndipo ndinadziyesa wanzeru koposa anthu a chikhamu aja. Koma patsinde pa mtengo ndinapeza mnyamata wosema ziboliboli, amene anandiuza kuti sabata yathunthu sanagulitse kanthu. Febuluwale, paja, ndi mwezi umene nkhokwe zimakhala mbee.

Apa ndipo pagona funso, aŵerengi anzanga: kodi nkoyenera kukondwera ndi bata limene kwa mnzako ndi njala? Zimene ine ndinali kuzitcha mtendere, iye anali kuzitcha kugona ndi njala, chonsecho tinali kuyang'ana mchenga umodzimodzi.

Sindikunena kuti gombe lisamapume. Chakumpoto kwa Salima kuli chilumba cha Mbenji, chimene Mfumu Makanjira ndi anthu ake akhala akuchitseka chaka ndi chaka kuyambira m'zaka za m'ma 1950. Mu Disembala asodzi onse amachokapo kuti utaka uswane, ndipo amabwererapo mu Epulo. Nawonso amavutika miyezi imeneyi. Koma kupuma kwa Mbenji anakugwirizana ndi eni ake, akudziŵa chimene adzakolole. Pamene bata la ku Senga Bay limadza chifukwa alendo atembenukira kwina, osafunsa otsala kuti adya chiyani. Koyambako ndi kudziletsa, kwachiŵiriko ndi kusiyidwa.

Tsono woyenda pagombe nyengo yotere asafulumire kudzitama kuti wathaŵa phokoso. Ali ngati mlendo wofika pakhomo tsiku lopanda ukwati: amaona denga lodontha ndi ndiwo zenizeni za pabanjapo. Ataona zimenezo sangathenso kunena kuti sadziŵa, ndipo ndikayika ngati ambiri a ife timafunadi kudziŵa zochuluka chotero za malo amene timati timawakonda.

Ndinagula kamvuu kamtengo, osanenerera mtengo, ngakhale ndinadziŵa kuti kamvuu kamodzi sikathetsa Febuluwale. Mnyamatayo akukakulunga m'pepala anandifunsa kuti, "Bambo, pa Pasaka mudzabweranso?" Ndinayankha kuti pa Pasaka ntchito imandichulukira, ndipo anangogwedeza mutu.