Kodi ndi Dima Kapena Ganyu?

Abale anga, kawirikawiri timamva kuti maiko olemera ndi maiko osauka apangana cibwenzi cakuti athandizane kugonjetsa matenda. Mau amenewa ngokoma m'makutu. Komabe munthu wanzeru safulumira kuomba m'manja asanafunse kuti: cibwenzi cimeneci ncotani?

Makolo athu ankasiyanitsa bwino dima ndi ganyu. Pa ganyu mwini munda ndiye aloza poyambira ndime ndi pothera pace. Wanchito alandira malipiro ace nacoka, wopanda mau pa zokolola. Koma pa dima onse alima m'munda umodzi, namwa mowa umodzi, ndipo mawa lace apita ku munda wa mnzao. Tsono tifunse: mapangano a zaumoyo afanana ndi citi mwa ziwirizi?

Taonani zimene zinacitika m'mwezi wa November 2021. Akatswiri a ku South Africa ndi Botswana anapeza mtundu watsopano wa kacirombo ka Covid-19, wochedwa Omicron, ndipo sanabise, koma anauza dziko lonse lapansi. Mphotho yao inali yotani? Pasanathe masiku ambiri, Britain, America ndi maiko ena anatseka zitseko zao kwa apaulendo ocokera ku maiko a kuno kumwera, ndi Malawi yemwe. Nthawi imeneyo n'kuti maiko olemera atayamba kale kubaya anthu ao katemera wacitatu, pamene ambiri mwa ife sitinalandire ngakhale woyamba. Kodi mlonda wokuwa kuti kwabwera cirombo amtsekera kunja kwa mudzi?

Nkhani yotere si yacilendo. M'caka ca 2007 dziko la Indonesia linaleka kutumiza kunja tizirombo ta cimfine ca mbalame, ponena kuti makampani amapanga nato katemera amene anthu ace sangathe kugula. Ambiri anati kumeneku n'kuuma mtima. Komatu mkangano umenewu ndiwo unabala pangano la 2011, lakuti makampani opindula ndi tizirombo timeneti azipereka ndalama ku bungwe la WHO, ndiponso azipatula gawo la katemera kapena mankhwala pa nthawi ya mliri.

Apa tiphunzira kuti cifundo ndi cilungamo sizifanana. Cifundo ndico kupatsa mnzako cimene ciri cako. Cilungamo ndico kumbwezera cimene ciri cace. Pamene amai a ku Malawi, Ghana ndi Kenya anatengera ana ao ku cipatala m'caka ca 2019 kukalandira katemera watsopano wa malungo, sanali opempha ai. Anali olima nao, pakuti zimene zinaoneka pa ana aowo ndizo zinathandiza WHO kubvomereza katemerayo mu 2021. Wolima nao ayenera kudya nao, osati mwa cisomo koma mwa mangawa.

Wina anganene kuti: mwini ndalama ndiye ayenera kulamula. Nzoona kuti wopereka cuma ali ndi ufulu wofunsa umo cayendera, ndipo wakuba mankhwala acimwira odwala ndi wopereka yemwe. Koma ndalama si copereka cokha. Wina apereka thupi la mwana wace, wina magazi ace, wina mapazi ace poyenda mudzi ndi mudzi. Zimenezi ndani angaziyese pa sikelo?

Komabe tisaloze anzathu okha. M'caka ca 2001 atsogoleri a Africa analonjeza ku Abuja kuti adzapatula magawo 15 pa 100 a cuma ca boma kukhala ca zaumoyo, koma maiko amene anakwaniritsa ngowerengeka. Wobwera ku dima wopanda khasu asadabwe akamuyesa waganyu.

Cotero, inu akatekisti ndi akuluakulu a m'midzi, alendo akadza ndi nchito ya zaumoyo alandireni mwaulemu, koma muwafunse zitatu: Anasankha nchitoyi ndani? Zotsatira zace tidzazimva liti? Nanga inu mukapita, cidzatsala nciani? Bwenzi leni-leni sakwiya ndi mafunso otere.